Maina Anayi a Nyenyezi m'Buku la Yobu, Poyesedwa pa Thambo la ku Nkaya

Buku Lopatulika, limene linatsirizidwa m'chaka cha 1922, layesedwa kawirikawiri pa za chiphunzitso ndi pa za kalembedwe ka mawu, koma pa nkhani ya nyenyezi siliyesedwayesedwa. Pa Yobu 9:9 pali maina anayi a zakuthambo, ndiwo Mlalang'amba, Akamwiniatsatana, Nsangwe ndi Kumpotosimpita. Awiri apakatiwo abweranso pa Yobu 38:31 ndi pa Amosi 5:8. Ana ambiri a sukulu sakomana ndi maina otere olembedwa kwina konse, pakuti mabuku a sayansi atchula nyenyezi m'Chingerezi. Tsono kulondola kapena kuphonya kwa omasulira kukhudza mphunzitsi aliyense amene tsiku lina mwana adzamfunsa kuti Nsangwe ndi ziti, ndipo adzayenera kutuluka naye pabwalo ndi kuloza chala.

Ntchito yomasulira inatsogozedwa ndi William H. Murray wa Mishoni ya Dutch Reformed ku Mvera, mothandizana ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndiponso eni chinenero amene anali kufunsidwa mawu. Pofika pa ndime iyi anali ndi njira ziwiri. Akadatha kusiya maina a Chihebri monga ali, Ash, Kesil ndi Kimah, monga achitira omasulira ena, ndipo palibe akadawatsutsa, popeza dzina losamveka silinama. Iwo anasankha njira yovuta, yofuna kumudzi dzina limene womva angalizindikire. Njirayo ndiyo yoyenera, koma woitsata adziika pamlandu, chifukwa dzina la kumudzi lili ndi mwini wake kuthambo, ndipo munthu aliyense wa maso atha kukaona ngati mwiniyo ndi yemweyo amene Mhebri anali kunena.

Malo abwino oyesera mlandu wotere ndi Nkaya, pa mphambano ya njanji m'chigwa cha Shire, m'boma la Balaka limene linapatulidwa ku Machinga m'chaka cha 1998. Pamenepo njanji ya ku Nayuchi ndi Nacala, yotsegulidwa mu 1970, ipatuka pa njanji yakale ya ku Blantyre ndi Salima. Dzikolo ndi lathyathyathya, ndipo munthu akatalikira pang'ono nyali za pa siteshoni aona thambo mpaka m'munsi mwake, kumpoto ndi kumwera komwe. Nkaya ali pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa ikweta, ndipo nambala imeneyi ndiyo ilamula kukwera ndi kutsika kwa nyenyezi zonse zimene zitchulidwe pano. Wosadziwa madigiri atambasule mkono ndi kufumbata dzanja: nkhonya imodzi iphimba madigiri ngati 10.

Pa maina anayiwo, lokoma koposa ndi Akamwiniatsatana. Kesil wa Ahebri ndiye Orion wa mabuku a Chingerezi, gulu lalikulu limene Agriki analiona ngati mlenje wovala lamba. Anthu a kuno anatchula lamba yekhayo, nyenyezi zitatu zondondozana, zotalikirana mofanana ndi zowala pafupifupi mofanana, zimene akatswiri azitcha ndi maina a Chiarabu, Mintaka, Alnilam ndi Alnitak. Pakati pa Novembala, cha m'ma 8 koloko usiku, zituluka kuvuma kwenikweni, Mintaka patsogolo, zinzake pambuyo. Zidutsa nkhonya imodzi ndi theka kumpoto kwa liwombo, ndipo zilowa kuzambwe kwenikweni, wotsogola ali yemweyo. Dzinalo lanena zonsezi m'mawu amodzi. M'midzi ya chikamwini, monga yozungulira Nkaya, amuna okwatira pa mudzi umodzi ndi alendo onse, palibe mwini nthaka pakati pawo, ndipo mbandakucha aoneka pa kanjira ka kumunda ali mndandanda, makasu paphewa. Amene anatchula dzinali anaona kufanana kwa nyenyezizo, anaona mzere wake, anaonanso kuti sizipitirirana. Anaikamonso kachipongwe pang'ono, ka mtundu umene eni mudzi sausowa ponena za akamwini.

Wina angadandaule kuti omasulira anachepetsa Orion, napatsa gulu lonse dzina la nyenyezi zitatu. Dandaulolo lichepa mphamvu munthu akaima pa Nkaya. Kuti aone gululo litakwera ayang'ana kumpoto, ndipo mlenje wa Agriki aoneka chadodolido, mapazi kumwamba, mutu pansi. Mwana amene waonetsedwa chithunzi cha m'buku la ku England afunafuna munthu woimirira osampeza, koma atatu otsatanawo awapeza usiku woyamba. Ndiponso Yobu 38:31 anena za zomangira za gululo, ndipo ngati pali chomangira chooneka ndi maso pamenepo ndi mzere womwewo.

Chimene dzinali lisiya kunja ndi nyenyezi ziwiri zowala koposa m'gululo, ndipo apa mphunzitsi ayenera kuwonjeza zake. Kumwera kwa akamwiniwo kuli Rigel, yoyera mopita ku buluu. Kumpoto kwawo kuli Betelgeuse, yofiira ngati khala. Wosula makasu adziwa kale tanthauzo lake: chitsulo chikayamba kupsa chifiira, chikapsa ndithu chiyera. Pamwamba pa Betelgeuse patentha madigiri ngati 3,300, pa dzuwa ngati 5,500, pa Rigel kupitirira 11,000. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Annie Jump Cannon wa ku Harvard anandanda nyenyezi m'magulu asanu ndi awiri, O, B, A, F, G, K, M, kuyambira zotentha koposa kufikira zozizirirapo. Rigel ali mu B, dzuwa mu G, Betelgeuse mu M. Mu 1925 Cecilia Payne anasonyeza kuti nyenyezi zipangidwa makamaka ndi mipweya iwiri, haidrojeni ndi heliyamu, kotero kuti kusiyana kwa maonekedwe ake kuchokera ku kutentha. Betelgeuse ndi nyenyezi yokalamba imene yafufuma kwakukulu. Ikadaikidwa pamalo pa dzuwa ikadameza dziko lapansi ndi njira ya Mars yomwe. Siikhazikika pa kuwala kwake. Kumapeto kwa 2019 kufikira Febuluwale wa 2020 inazilala moti anthu wamba anazindikira, ndipo pambuyo pake kunapezeka kuti inatulutsa mpweya umene unasanduka fumbi ndi kuiphimba mbali imodzi.

Akamwiniwo ali ndi ntchito inanso, ya kulozera njira. Wotsata mzere wawo kumka kumwera chakuvuma afika pa Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse za usiku. Ku Nkaya Sirius adutsa paliwombo penipeni, kuphonya ndi madigiri osakwana awiri. Kumapeto kwa Febuluwale atero cha m'ma 8 koloko. Kumwera kwake, nkhonya zitatu ndi theka, kuli Canopus, yachiwiri pa kuwala. Maso aziyesa zapachibale, koma kuwala kwa Sirius kuyenda zaka 8 ndi miyezi 7 kuti kufike kuno, pamene kwa Canopus kuyenda zaka ngati 310, pa liwiro lomwelo la makilomita 300,000 pa sekondi. Sirius aposa dzuwa kuwala ka 25. Canopus aliposa ka 10,000. Mlonda wa pa njanji adziwa kuti tochi ya mnzake woima pafupi itha kuthobwa m'maso koposa nyali ya sitima imene ikali kutali, ndipo sayesa kuti tochiyo ndiyo yaikulu. Sirius alinso ndi kamnzake kosaoneka ndi maso, kamene Alvan Graham Clark anakaona pa telesikopu mu 1862. Kukula kwake ndi ngati dziko lapansi, koma kulemera kwake ndi ngati dzuwa. Ndi chitsiru cha nyenyezi imene inatha nkhuni zake, ndipo dzuwa lidzatsiriza motero.

Wotsata mzere womwewo kumka mbali inayo adutsa Aldebaran wofiirira nafika pa Nsangwe. Pano palibe mlandu. Kimah wa Ahebri ndiye Pleiades, ndipo Nsangwe ndi zomwezo, kagulu kothinana kamene maso abwino aonamo nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Galileo anajambulamo 36 mu 1610, ndipo tsopano zidziwika zoposa 1,000. Nsangwe ndi banja lenileni, pakuti nyenyezizo zinabadwa mu mtambo umodzi wa mpweya zaka ngati mamiliyoni 100 zapitazo, ziyenda pamodzi, ndipo kuwala kwake kufika kuno patapita zaka ngati 440. Zioneka kuvuma dzuwa litangolowa m'mwezi wa Novembala, pa nyengo imene alimi a ku Balaka ayang'anira mvula yoyamba. Aswahili azitcha Kilimia ndi Azulu isiLimela, ndipo mwana wa Sitandade 5 atha kumva yekha tsinde la kulima m'maina onse awiri. Dzina la Nsangwe lilibe tsinde limenelo, ndipo ndi chinthu choyenera kuti wophunzira zinenero achisunge pamtima.

Dzina lachinayi pa mndandanda, Kumpotosimpita, linaikidwa pa mawu a Chihebri otanthauza zipinda za kumwera. Mhebri anali kunena za nyenyezi zimene kwawo zingosuzumira m'munsi mwa thambo la kumwera ndi kubisalanso, monga za m'chipinda chotseka. Ku Nkaya chipindacho ndi chotsegula. Mtanda wa Kumwera ukwera kupitirira nkhonya zinayi madzulo a Meyi, ndipo pambali pake pali Alpha Centauri, yachitatu pa kuwala, imene kuwala kwake kuyenda zaka 4 ndi miyezi 4 yokha. Mtunda wake anayamba kuuyesa Thomas Henderson ku Cape m'zaka za 1832 ndi 1833. Mawu akuti zipinda sakadamveka kwa munthu amene aona nyenyezizi poyera chaka ndi chaka. Omasulira anataya chifanizo cha Mhebri nasunga chinthu chimene anali kuloza, ndipo anachita bwino. Dzinalo ndi chiganizo chathunthu, nyenyezi ikudzinenera yokha kuti kumpoto siipitako, ndipo ndi zoona: nyenyezi za mbali imeneyo zituluka kumwera chakuvuma, zizungulira kumwera, ndi kulowa kumwera chakuzambwe. Ndi dzina la mtundu umodzi ndi Akamwiniatsatana, lotchula chinthu ndi mayendedwe ake. Maina a Chiarabu ndi Chigriki ambiri atchula chiwalo cha chithunzi, phazi, mchira kapena lamba, ndipo wosadziwa chithunzicho sapindula nawo kanthu. Maina awiri a Chinyanjawa aphunzitsa munthu choti ayang'ane.

Latsala dzina loyamba, ndipo pa ilo omasulira anaphonya. Ash wa Ahebri ndi dzina limene akatswiri sagwirizana pa mwini wake. Baibulo la King James la 1611 linati ndi Arcturus. Revised Version ya 1885, imene omasulira a nthawi ya Murray anali nayo pafupi, inati ndi Chimbalangondo, ndilo gulu la nyenyezi zisanu ndi ziwiri za kumpoto zooneka ngati chikho cha mpini. Ena ati ndi Aldebaran ndi tinyenyezi tomzinga. Onsewa agwirizana pa chinthu chimodzi, kuti Ash ndi nyenyezi kapena kagulu ka nyenyezi kowerengeka, pakuti pa Yobu 38:32 Chihebri chimnena kuti ali ndi ana ake omtsata. Mlalang'amba suli wotero. Ndi mkwasa woyererako wodutsa thambo lonse, wopanda mutu kapena mchira, ndipo palibe munthu angaloze ana ake. Galileo yemweyo anaona mu 1610 kuti ndi khamu la nyenyezi zosawerengeka, ndipo tsopano zidziwika kuti zipitirira mabiliyoni 100, dzuwa lili imodzi mwa izo. Sirius, Canopus, Nsangwe, akamwini atatu aja, ndi Chimbalangondo chomwe, zonse zili m'kati mwa Mlalang'amba. Kuutchula pa mndandanda umodzi ndi Nsangwe kuli ngati kutchula Balaka, Utale ndi Malawi monga midzi itatu yoyandikana.

Chimene chinawakokera kumeneko sichivuta kuchiona. Ku Nkaya nyenyezi za Chimbalangondo zikwera pakati pa nkhonya imodzi ndi nkhonya ziwiri ndi theka basi, madzulo a Epulo ndi Meyi, ndipo mlambe umodzi utha kuphimba theka lake. Nyenyezi ya Polaris, imene gululo lilozera ndi kulipatsa ulemu ku Ulaya, siituluka konse kuno. Gulu lotsika chotere silikhala pakamwa pa anthu monga Nsangwe. Womasulira wofuna dzina lomveka anatenga lalikulu limene womva aliyense alidziwa, ndipo pa guwa la tchalitchi lichita ntchito yake, popeza Yobu afuna kuti womva atukule maso ndi kuchepa mumtima. Palibe wolalikira anasokera nalo. Koma m'kalasi lipweteka, makamaka tsopano pamene olemba atenga mawu akuti mlalang'amba kukhala dzina la makamu onse otere a nyenyezi, nanena za milalang'amba yambiri. Wophunzira wa ku koleji amene aika Buku Lopatulika pambali pa Baibulo la Chingerezi, monga achitira ambiri pofuna mawu, adzalemba m'kope lake kuti Mlalang'amba ndi Chimbalangondo, ndipo adzaphunzitsa ana zomwezo zaka makumi atatu. Kukadakhala bwino pamenepa pokha kusiya dzina la Chihebri, kapena kunena mwachidule kuti nyenyezi zisanu ndi ziwiri za kumpoto. Lamulo lofuna dzina la kumudzi ndi labwino pokhapo pamene mudzi uli nalo dzina la chinthu chomwecho.

Chobvuta china chiri m'mawu akuti nyenyezi eni ake, amene aphimba zinthu zosiyana mitundu, ndipo chioneka bwino pa Nthanda, dzina limene Buku Lopatulika lagwiritsa pa 2 Petro 1:19 ndi pa Chivumbulutso 22:16. Kumasulirako ndi kolondola, pakuti Chigriki chinena za chowala cha mbandakucha chomwecho. Koma Nthanda ndi pulaneti Venus, dziko lozungulira dzuwa, lopanda moto wakewake, longobweza kuwala kwa dzuwa, ndipo chifukwa chake siliphethira monga Sirius. Alice Werner analemba nthano ya Anyanja yakuti mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kuvuma, amene aumana chakudya mpaka uwonda, ndi Puikani wa kuzambwe, amene audyetsa mpaka unenepa. Pa za mwezi nthanoyi siinama ndi pang'ono pomwe. Mwezi watsopano uoneka kuzambwe madzulo ndipo ukula usiku ndi usiku. Mwezi wotha uoneka kuvuma mbandakucha uli kachingwe. Pa za akaziwo nthano yaona awiri pamene pali mmodzi. Venus akhala kuzambwe madzulo miyezi yoposa isanu ndi itatu, asowa masiku owerengeka, naonekera kuvuma mbandakucha miyezi yonga yomweyo, asowanso masabata angapo, ndipo ulendo wonse utenga masiku 584. Mphunzitsi asafulumire kuseka nthanoyo, pakuti Agriki akale nawonso anampatsa maina awiri. Aiphunzitse monga ili, kenaka afunse ana kuti ayang'anire mwezi wathunthu ngati angaone akazi onse awiri, wina madzulo wina m'mawa. Akadzabwera ndi yankho lakuti mmodzi yekha ndiye aoneka, phunziro la pulaneti layamba lokha. Achenjere ndi Jupiter, amene nthawi zina aima mbali inayo ndi kunamiza ana kuti mkazi wachiwiri wapezeka.

Maina a pa Yobu 9:9 atha kuyesedwa onse usiku umodzi. Kumapeto kwa Marichi, cha m'ma 8 koloko, usiku wopanda mwezi ndi mitambo, woima kunja kwa nyali za pa Nkaya aona Nsangwe zili pafupi kulowa, kuzambwe chakumpoto, zitatsala nkhonya imodzi. Akamwini atatu ali pamwamba pake, akutsetsereka kuzambwe, Mintaka akali patsogolo. Mtanda wakwera nkhonya zitatu kumwera chakuvuma, uli chogona. Mlalang'amba uchokera pa Mtandawo, ukwera kudutsa pafupi ndi Sirius, upita kuvuma kwa Betelgeuse ndi kutsikira kumpoto chakuzambwe. Tsono atembenuke kumpoto chakuvuma, kutali ndi mkwasawo, kumene thambo lili lakuda ndi nyenyezi zili patalipatali. M'munsi mwenimweni, pamwamba pa mitengo, nyenyezi zinayi za chikho cha Chimbalangondo zikhala zitatuluka, ndipo yotsiriza ya mpini wake ituluka isanakwane 9 koloko.